Momwe mungawerengere mafunde a nyanja yamchere musanalowe ndi kayaki

Munthu amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi amadziwa kuti mafunde amabwera ndi mphepo. Mwera ukayamba kukuntha m'miyezi yozizira nyanja imakalipa ndipo asodzi amakokera mabwato awo kumtunda, koma mwera ukaleka sipapita nthawi yaitali madzi asanachite bata. Nzeru imeneyi ndi yoona, komabe pa nyanja yamchere ndi yosakwanira, chifukwa kumeneko funde lalikulu limatha kufika pagombe pa tsiku limene kulibe mphepo ngakhale yogwedeza tsamba. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kupalasa kayaki, kabwato kakatali koma kakang'ono m'mimba kamene munthu amakhalamo pansi n'kumapalasa ndi nkhafi ya mbali ziwiri. Zitsanzo ndazitenga m'magombe ozungulira Cape Town, kumene kumadzulo kuli nyanja ya Atlantic ndipo kum'mawa kwa mapiri kuli False Bay, malo amene nyanja yalowa m'kati mwa mtunda, koma mfundo zake zimagwira ntchito pagombe lililonse la nyanja yamchere.

Choyamba: siyanitsani mitundu iwiri ya mafunde

Kukula kwa funde kumadalira zinthu zitatu, zomwe ndi mphamvu ya mphepo, nthawi imene mphepoyo yakhala ikuwomba, ndiponso utali wa madzi amene yadutsapo popanda phiri kapena chilumba choitchinga. Mphepo ya pamalo pomwepo imadzutsa mafunde aafupiafupi, othithikana ndi osokonekera, okhala ndi thovu pamwamba, ndipo amenewa ndi aja amene timawadziwa ku Nkhata Bay kapena ku Salima. Mtundu wachiwiri umabadwira kutali kwambiri. Kum'mwera kwa Africa kuli nyanja yopanda mtunda woitchinga, kumene anamondwe amawomba masiku angapo osalekeza, ndipo mafunde amene amadzuka kumeneko amayenda makilomita masauzande, nakhala akusanjika bwino m'njira, mpaka amafika ku Cape Town ali mizere yaitali yosalala. Olosera zanyengo amawatcha swell. Mukakhala pakati pa madzi akuya, mafunde oterewa amangokukwezani ndi kukutsitsani mofatsa, moti munthu wachilendo amaganiza kuti alibe vuto. Ukali wawo umaonekera pokhapokha akafika pamadzi osaya.

Chachiwiri: werengani ulosi wa zanyengo madzulo, ndipo muuwerengenso m'mawa

Bungwe la South African Weather Service limatulutsa ulosi wa panyanja, ndipo opalasa ambiri amayang'ananso mapulogalamu olosera zanyengo a Windguru kapena Windy pa foni. Mu ulosiwo mupezamo msinkhu wa mafunde m'mamita, masekondi amene amadutsa pakati pa funde limodzi ndi linzake, komanso mbali imene mafundewo akuchokera. Anthu ambiri amangoyang'ana msinkhu n'kutseka foni, ndipo apa ndi pamene ngozi zambiri zimayambira.

Nambala ya msinkhu si ya funde lalikulu kuposa onse. Olosera amagawa mafunde onse m'magawo atatu, n'kutenga gawo la mafunde ataliatali, ndipo nambala imene amalemba ndi ya pakatikati pa gawo limenelo. Zotsatira zake n'zakuti ulosi ukanena mamita 2, pa maola angapo amene mudzakhale pamadzi likhoza kubwera funde limodzi loyandikira mamita 4. Choncho podzifunsa ngati mungathe, musadziyeze ndi nambala yolembedwayo koma ndi nambala imeneyo mutaichulukitsa kawiri.

Nambala ya masekondi, imene pa ulosi amailemba kuti period, ndi imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ndipo m'pofunika kuimvetsa bwino. Pamadzi akuya, mtunda wochokera pamsana pa funde limodzi kufika pa linzake mungaupeze pochulukitsa masekondiwo ndi nambala yomweyo, kenako ndi 1.56. Mafunde a masekondi 6 amatalikirana mamita pafupifupi 56, pamene a masekondi 14 amatalikirana mamita opitirira 300. Kusiyana kumeneku si kwa pamwamba pokha, chifukwa funde limagwedeza madzi mpaka kuya kofanana ndi theka la mtunda umenewu. Funde la masekondi 6 limayamba kukhudza pansi pa nyanja pa kuya kwa mamita 28, koma la masekondi 14 limayamba kukhudza pansi pa kuya kwa mamita pafupifupi 150, kusonyeza kuti lanyamula madzi ambiri zedi. Likafika posaya liwiro lake limachepa, madzi onse aja amaunjikana, ndipo funde limene linali lofatsa limaimirira ngati khoma. N'chifukwa chake mita 1 ya masekondi 15 ikhoza kukuvutani potuluka kuposa mita 1.5 ya masekondi 7. Ngati mukungoyamba kumene, mukaona masekondi 12 kapena kuposerapo, sankhani gombe lobisika kwambiri kapena mudikire tsiku lina.

Mbali imene mafunde akuchokera ndi imene ikuuzeni gombe loti musankhe. Ku Cape Town mafunde aakulu ambiri amachokera kum'mwera chakumadzulo, ndipo amamenya mwachindunji magombe a Atlantic monga Kommetjie, Llandudno ndi Camps Bay, pamene ku Simon's Town, m'mbali mwa False Bay, komwe kwabisika kuseri kwa mapiri, madzi amakhala ofatsirapo. Koma False Bay ndi yotseguka chakum'mwera, motero mafunde akachokera kum'mwera kwenikweni kapena kum'mwera chakum'mawa amalowa mpaka m'kati. Dziwaninso kuti mafunde a masekondi ambiri amatha kukhota mozungulira nsonga ya mtunda ngati Cape Point n'kufika m'malo amene pa mapu amaoneka otetezeka.

Chachitatu: funsani kumene mphepo ikukukankhirani

Munthu wamba amayendetsa kayaki pa liwiro la ma knot pafupifupi 3, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.85 pa ola. Mphepo ya ma knot 7 mpaka 10 imayamba kuonetsa thovu loyera apo ndi apo pamwamba pa madzi, ya ma knot 11 mpaka 16 imachulukitsa thovulo, ndipo ikafika ma knot 20 munthu wopalasa molimbana nayo amangotha mphamvu osasuntha kwenikweni. Komabe choopsa kwambiri si mphamvu yokha ayi, koma kumene mphepoyo ikulowera.

M'miyezi yotentha, makamaka kuyambira Novembala mpaka Malichi, ku Cape Town kumawomba mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene anthu akumeneko amaitcha Cape Doctor. Kumbali ya Atlantic mphepoyi imatsika m'mapiri kulowera kunyanja. Munthu amene waima pagombe amaona madzi osalala, chifukwa mphepo sinapeze mtunda wokwanira woti idzutse mafunde, ndipo phiri limamubisa ku ukali wake. Akangopalasa mamita mazana angapo, mphepo imamugwira kumsana, ulendo umakoma, ndipo pamene akuti atembenuke amapeza kuti gombe likutalikira ngakhale apalase chotani. Mphepo yochokera kumtunda kulowera kunyanja muziiopa kuposa yochokera kunyanja, popeza yochokera kunyanja imakuonetsani mafunde ake musanalowe ndipo mukalephera imakubwezerani kumtunda. Mphepo ya Cape Doctor yomweyi ku False Bay imadzutsa mafunde amene akatswiri amathamanga nawo kuchokera ku Miller's Point kukafika ku Fish Hoek, kudutsa pafupi ndi nsanja ya nyali ya Roman Rock, koma umenewo ndi ulendo wa anthu ozolowera, ndipo musautengere poona kuti ena akuuchita. M'miyezi yozizira zinthu zimatembenuka: mphepo ya kumpoto chakumadzulo imabwera patsogolo pa mvula, ndipo kumbali ya Simon's Town ndi imene imakankhira munthu pakati pa nyanja. Kawirikawiri mphepo imakula masana, choncho lowani m'mamawa, ndipo yambani ulendo molimbana ndi mphepo kuti pobwerera, mutatopa, idzakuthandizeni.

Chachinayi: dziwani nthawi ya kudzaza ndi kuphwa kwa madzi

Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera pamene yadzaza kufika pamene yaphwa pamapita maola 6 ndi mphindi zochepa. Nthawi zimenezi zimachedwerachedwera ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndipo kusiyana kwa madzi kumakula mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu. Ku Cape Town kusiyanaku kawirikawiri sikufika mamita 2, pamene ku Beira kumatha kupitirira mamita 6, koma ngakhale kusiyana kochepa kumasintha khalidwe la mafunde. Funde limasweka kuya kwa madzi kukatsala pafupifupi 1.3 kuchulukitsa ndi msinkhu wake, ndiye kuti funde la mamita 2 limasweka pa kuya kwa mamita pafupifupi 2.6. Taganizirani thanthwe limene madzi atadzaza limakhala mamita 3.5 pansi pa madzi. Popita mudzadutsa pamwamba pake osadziwa n'komwe kuti lilipo, koma pobwerera madzi ataphwa ndi mita 1.5, funde lomwe lija lidzaswekera pomwepo. Madzi amathamanga kwambiri mu ola lachitatu ndi lachinayi kuchokera pamene adzaza kapena aphwa, nthawi imene theka la kusintha konse limachitika. Pamathiriro a mitsinje ndi pamipata yopapatiza monga Knysna Heads, madzi otuluka akakumana ndi mafunde olowa, mafundewo amafupika n'kuimirira, ndipo malo oterewa si oti munthu wongoyamba ayeserepo.

Chachisanu: imani pagombe ndi kuyang'ana kwa mphindi 20

Ili ndi gawo limene anthu amalidumpha chifukwa cha changu, koma ndi limene ulosi sungalowe m'malo mwake. Musanatsitse kayaki pagalimoto, pezani malo okwera, tengani wotchi, ndipo muyang'ane madzi kwa mphindi zosachepera 20. Mafunde ochokera kutali amabwera m'magulu: angapo aakulu motsatizana, kenako bata la mphindi zingapo, kenako gulu lina. Anthu ena amati funde lachisanu ndi chiwiri ndiye lalikulu, koma nyanja sitsatira chiwerengero chimenecho, ndipo muyenera kuwerenga nokha tsiku limenelo kuti gulu lili ndi mafunde angati komanso bata likutenga nthawi yaitali bwanji. Munthu amene wayang'ana mphindi 3 zokha akhoza kukhala kuti waona bata lokhalokha. Werenganinso masekondi pakati pa mafunde pamene akudutsa thanthwe limodzi, kuti muone ngati zikugwirizana ndi ulosi.

Kenako onani mmene mafunde akuswekera. Pagombe lotsetsereka pang'onopang'ono, ngati la Muizenberg, funde limayamba kuphwanyika pamwamba patali ndithu, thovu n'kumatsika pang'onopang'ono pamene likuyandikira, ndipo mphamvu yake imathera m'njira. Amenewa ndi mafunde amene kayaki ingadutsemo. Pamene pansi pakwera mwadzidzidzi, funde limapindika n'kugwetsa madzi ake onse nthawi imodzi ndi mkokomo waukulu, ndipo likamachitira zimenezi pamchenga penipeni limatha kuthyola kayaki, ngakhale khosi la munthu. Gombe limene mchenga wake ndi wotsetsereka kwambiri, ndipo mafunde ake sakusweka kutali koma akungophulikira pamapazi panu, lisiyeni. Pamatanthwe otsetsereka funde nthawi zina silisweka n'komwe, limangokwera ndi kutsika mwamphamvu, ndipo limakweza kayaki n'kuisiya pamwala.

Yang'ananinso kutali, kunja kwa mzere umene mafunde ambiri akuswekera. Mukaona malo amene madzi akutukumuka, akusintha mtundu, kapena pali thovu loyandama popanda chifukwa chooneka, dziwani kuti pansi pali thanthwe. Malo otere amatha kukhala chete kwa mphindi 10, kenako funde lalikulu la m'gulu likafika amaphulika. Chitsanzo chodziwika ndi Dungeons, kunja kwa Hout Bay pansi pa phiri la Sentinel, kumene masiku ambiri madzi amangodutsa koma mafunde aakulu akabwera pamaimirira mafunde amene amakopa akatswiri ochokera m'mayiko ena. Matanthwe ang'onoang'ono a khalidwe lomweli ali ponseponse m'gombe limeneli, choncho lembani m'mutu pamene ali poyerekeza ndi nyumba kapena mtengo wa kumtunda, chifukwa mukakhala pansi m'kayaki simudzawaonanso bwino.

Pomaliza pa kuyang'anaku, funani njira imene madzi akubwerera kunyanja. Madzi amene mafunde awaunjika pagombe amatuluka kudzera mumpata wozama, ndipo pamenepo pamaoneka pakuda, popanda mafunde osweka, nthawi zina pali mchenga kapena zinyalala zoyenda kulowera kunyanja. Kwa wosambira mpata umenewu ndi woopsa. Kwa wa kayaki wodziwa ungathe kukhala khomo lolowera kunyanja, koma mukagudubuzikira momwemo musalimbane nawo, gwirani kayaki ndipo muyesetse kutulukira cham'mbali motsata gombe.

Chachisanu ndi chimodzi: valani molingana ndi madzi, osati dzuwa

Kumbali ya Atlantic madzi kawirikawiri amakhala pakati pa madigiri 10 ndi 14, ndipo amazizira kwambiri m'chilimwe pamene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa yakankha madzi a pamwamba n'kudzutsa ozizira a pansi. Munthu akagweramo mwadzidzidzi amabanika m'mphindi yoyamba, ndipo pakapita mphindi zingapo manja amayamba kulephera kugwira. Valani jekete yoyandamitsa nthawi zonse, yomangidwa bwino, pamodzi ndi wetsuit, chovala chothina chosunga kutentha kwa thupi m'madzi. Foni ikhale m'kathumba kosalowa madzi ndipo ikhale pathupi panu, osati m'kayaki. Bungwe la ku South Africa lopulumutsa anthu panyanja la NSRI, limene linakhazikitsidwa mu 1967, limalimbikitsa opalasa kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni ya SafeTrx, imene imasonyeza pamene muli. Ku South Africa nambala yoitanira thandizo ya 112 imagwira pa foni ya m'manja, ndipo pa wailesi yolankhulirana panyanja ya VHF thandizo limapemphedwa pa tchanelo 16. Uzani munthu wa kumtunda kumene mukupita ndi nthawi imene mudzabwere, ndipo musapite nokha.

Chachisanu ndi chiwiri: lowani ndi kupalasa

Ikani kayaki moyang'anizana ndi mafunde, dikirani funde lomaliza la m'gulu lidutse, ndipo mupalase mwamphamvu osaima mpaka mutadutsa mzere wonse umene mafunde amaswekera. Thovu likamabwera, lunjikani mphuno ya kayaki pa ilo, weramirani kutsogolo, ndipo nkhafi ikhale m'madzi ikukoka pamene funde likukumenyani. Musaikweze mopingasa patsogolo pa nkhope, chifukwa madzi adzaikankhira kumano anu. Mukadutsa, musapumire pomwepo. Pitirirani pang'ono, popeza gulu lotsatira likhoza kuswekera kunja kuposa pamene munaona.

Muli paulendo, diso limodzi lizikhala kunyanja nthawi zonse. Pansonga za mtunda zolowa m'nyanja mafunde amakhotera pamodzi ndipo amakula, pamene m'malo amene nyanja yalowa m'kati mwa mtunda amamwazikana n'kufooka, choncho nsonga muziizungulira patali. Pafupi ndi khoma la doko kapena phompho la miyala, funde limagunda n'kubwerera, ndipo likakumana ndi linzake madzi amadumphadumpha popanda dongosolo. Mankhwala ake ndi kutalikira khomalo mpaka madzi atayambanso kuyenda mbali imodzi. Zomera zazitali za m'nyanja zotchedwa kelp, zimene zachuluka m'magombe a Cape, zimafooketsa mafunde ang'onoang'ono ndipo mungapumirepo, komabe zimamera pamiyala, ndiye pa tsiku la mafunde aakulu ndi chizindikiro cha madzi osaya. Funde likakupezani cham'mbali, masulani chiuno kuti kayaki igwedezeke pansi panu, ndipo likakhala losweka pendekerani kumene likuchokera mutatsamira nkhafi pathovu, zigongono zili pafupi ndi thupi. Thupi limafuna kuthawira mbali inayo, koma kutero ndi kumene kumagudubuza munthu.

Chachisanu ndi chitatu: tulukani mosafulumira

Kutuluka ndi kovuta kuposa kulowa, chifukwa mukakhala kunyanja mumaona misana ya mafunde yokha, ndipo kuchokera kumbuyo amaoneka aang'ono kuposa mmene alili. Kumbukiraninso kuti madzi asintha kuyambira pamene munalowa. Imani kunja kwa mzere woswekera, sungani zonse zimene zingatayike, masulani chingwe chimene chikukulumikizani ndi kayaki kuti chisakukoleni m'mafunde, ndipo muwerengenso gulu limodzi kapena awiri. Sankhani malo opanda osambira. Ngati muli pagulu, tulukani mmodzimmodzi, ndipo wodziwa kwambiri atsogole kuti akathandize ena ali pamchenga.

Njira yabwino kwa munthu wongoyamba ndi kutsatira kumbuyo kwa funde, osati kukwera patsogolo pake. Lolani funde lomaliza la m'gulu lidutse pansi panu, kenako palasani mwamphamvu mulitsatire. Mukacheuka n'kuona lina likukupezani, palasani chobwerera m'mbuyo kuti lidutse, ndipo mupitirire likadutsa. Likakunyamulani ndithu, kayaki idzatembenuka n'kukhala chopingasa, ndipo pamenepo chitani zija za kupendekera kufunde ndi kutsamira nkhafi pathovu mpaka likufikitseni posaya. Mukangokhudza mchenga tulukani msanga, ndipo mutulukire mbali ya kunyanja, kuti kayaki isakhale pakati pa inu ndi funde lotsatira, chifukwa kayaki yodzaza madzi ikakankhidwa imatha kuthyola mwendo. Igwireni kumphuno ndi kuikokera kumtunda kupitirira pamene mchenga wanyowa, popeza funde lalikulu la gulu lotsatira lidzafika pamwamba kuposa pamene mwatsikira.